Funsani za Ziweto: Mphaka Wolira Ngati Khanda Padenga

Mwezi uno ndimayembekezera makalata a chitopa cha nkhuku, koma ambiri amene afika akunena za mphaka, ndipo ndakondwa nazo. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto ku Katete ndi ku Chadiza, anthu ankandiitanira ng'ombe, nkhumba ndi mbuzi, mwinanso galu. Palibe amene anabwera padibi ndi funso la mphaka. Mafunsowo analipo ndithu, kungoti ankafunsidwa monong'ona, ndipo ankapita nawo kwa anthu ena osati kwa ife a ziweto. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, choncho inu amene mwalemba mwachita bwino. Ena mwalemba kuti chona, ena pusi monga tinenera m'tauni muno. Ine ndizilemba kuti mphaka.

FUNSO: Ndimakhala ku Mchini. Yatha sabata tsopano mphaka wakuda akubwera padenga lathu pakati pa usiku n'kumalira ngati khanda. Amuna anga atamuunika ndi tochi, maso ake anayaka ngati moto wobiriwira. Mwana wathu wamng'ono akudwala malungo, ndipo aneba akuti mphakayo ndi wa ambuya ena okhala kuseri kwathu, akuti amachita kumutuma. Anyamata akonza zoti amuphe. Mtima wanga suli m'malo. Kodi mphaka weniweni angalire chotere? (Mayi wa ana atatu, Mchini, Chipata)

YANKHO: Amayi, tiyambe ndi mwanayo. Ngati simunapite naye kukiliniki kuti akamuyeze magazi, nyamukani lero lomwe, musadikire kuti nkhani ya padengayi ithe. Malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo mwana wamng'ono sachedwa kufooka nawo.

Tsopano za mphakayo. Inde, mphaka weniweni amalira choncho, ndipo mwandipatsa kale chizindikiro pamene mwati yatha sabata. Mphaka wamkazi akafika nyengo yofuna mwamuna amalira mokweza ndi mokoka mawu, usiku ndi usiku, kwa masiku pafupifupi asanu ndi awiri. Akapanda kutenga bere amangopuma sabata ziwiri kapena zitatu n'kuyambiranso. Amakwera pamwamba kuti mawu amveke kutali, ndipo denga la malata ndi malo abwino kwa iye chifukwa agalu safikako. Amphongo a m'komboni yonse akamva amasonkhana, ndiye nawonso amayamba kuopsezana, kubuula kwawo kumene kumamveka ngati mwana amene wapsa ndi moto. Mukadzamva kukuwa kumodzi kwakukulu kenako phokoso la kuthamangitsana pamalata, dziwani kuti akwerana. Chida cha mphaka wamphongo chili ndi timinga ting'onoting'ono, ndipo pamene akuchoka wamkazi amamva ululu, amakuwa, n'kutembenuka kuti amukande. Timingato tili ndi ntchito yake, chifukwa kawirikawiri mazira a mphaka wamkazi amatuluka akakweredwa. Pakatha masiku 63 mpaka 65 mudzaona tiana.

Kufanana kwa mawu ake ndi a khanda si inu nokha mwakumva. Mu 2009 akatswiri a pa yunivesite ya Sussex ku England, motsogozedwa ndi Karen McComb, anajambula mawu a amphaka opempha chakudya kwa eni ake, n'kupeza kuti mkati mwake muli kamawu kokwera kofanana ndi kulira kwa khanda, kamene khutu la munthu silitha kukanyalanyaza. Kholingo la mphaka ndi laling'ono ngati la khanda, n'chifukwa chake mawu awo amayandikana.

Maso oyakawo ndi nkhani yosavuta kuitsimikiza nokha. Usiku uno tengani tochi yomweyo mukaunike m'khola la mbuzi kapena la ng'ombe, kapena galu wanu pakhonde. Onse maso awo ayaka. Kuseri kwa diso la nyama zimenezi kuli kachikopa konyezimira ngati galasi, kamene kamabweza kuwala kuti kudutsenso m'diso kachiwiri, ndipo ndi kamene kamathandiza mphaka kuona mumdima woti ife sitingaone ngakhale dzanja lathu. Anyamata oyendetsa alendo usiku ku South Luangwa amapeza nyalugwe m'njira yomweyi, poona maso awiri akuwala pamtengo. Ife anthu tilibe kachikopa kameneka. Ubweya wakuda nawo ndi mtundu chabe, ngati mmene mbuzi imodzi imaswera mwana woyera ndi wina wakuda.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga m'mudzi wina kufupi ndi Katete. Ndinafika m'mawa ndi katemera wa nkhuku, n'kupeza anthu atazungulira kudzala. Pansi panali mphaka wamkazi, wamawangamawanga, atamuphwanya mutu ndi miyala. Anati kwa masiku awiri ankamuona usiku akulowa pakhomo pa bambo wina wodwala atanyamula kanthu kukamwa, ndipo onse anagwirizana kuti ankabweretsa zithumwa. Nditamutembenuza ndi phazi ndinaona mawere otupa, mkaka ukuchucha pafumbi. Ndinati, anthuni, uyu ali ndi ana. Tinafunafuna mpaka mtsikana wina anamva kulira kwapansipansi kunsi kwa nkhokwe ya bambo wodwalayo. Tinapezamo tiana tinayi m'makoko a chimanga, maso tisanatsegule, tozizira ngati miyala ya kudambo. Kanthu kamene ankanyamula kukamwa kanali ana ake, ankawasamutsa mmodzimmodzi kuchoka kumene anaswera chifukwa kunali agalu. Ndinatiika m'chipewa changa, ndipo kunyumba ndinkatimwetsa mkaka wa mbuzi ndi sirinji yopanda singano. Kanapulumuka kamodzi kokha. Mwini mphakayo anali mayi wokalamba wamasiye, ndipo sipanathe mwezi anasamuka m'mudzimo chifukwa ana ankamugenda akamapita kuchitsime. Nkhope yake siinandichoke m'maso mpaka lero.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, amayi, lankhulani ndi amuna anu awaletse anyamatawo. Mwala umene ugenda mphaka lero, mawa ugenda ambuya aja. Dziwaninso kuti malamulo a dziko lino la Zambia, mu lamulo la za ufiti lotchedwa Witchcraft Act, Chaputala 90, amati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ngati phokoso likukusowetsani tulo, muwazeni madzi ozizira akakwera, asamukira kwina. Mankhwala enieni ndi oti mwini wake apite naye kwa a vetenale akamutseke kuti asaswenso. Wamkazi wotsekedwa saliranso chotere.

FUNSO: Mphaka wanga amagwira mbewa ndi abuluzi koma sadya. Amabwera nazo n'kuzisiya pakhomo penipeni, tsiku lina mpaka pamphasa yanga. Nthawi zina amayamba waseweretsa kambewako kali kamoyo. Akazi anga akuti ndi malodza. (Mlimi, Chadiza)

YANKHO: Abambo, si malodza, muli ndi mlenje wabwino pakhomo. Kuti timumvetse mphaka tiyenera kukumbukira kumene anachokera. Kholo lake ndi vumbwe, yemwe uja wa m'tchire amene amatigwirira nkhuku, ndipo mpaka lero vumbwe ndi mphaka wa pamudzi amatha kukwerana n'kuswa ana. Ubwenzi wake ndi munthu unayambira pankhokwe. Anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu, makoswe anabwera, avumbwe anatsata makoswe, ndipo alimi anaona kuti mlendo uyu ngwothandiza. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka, nkhani imene inalengezedwa mu 2004. Koma pa zaka zonsezi mphaka sanasinthe kwambiri ngati mmene anasinthira galu. Galu amasaka pagulu ndipo amayang'ana kwa mtsogoleri. Mphaka amasaka yekha, tinyama ting'onoting'ono, kambirimbiri pa tsiku.

Mlenje wa tinyama tating'ono sangadikire njala kuti ayambe kusaka, chifukwa mbewa imodzi siimufikitsa madzulo ndipo nthawi zambiri akadumpha amaphonya. Choncho chilichonse chothamanga amachigwira, kaya wakhuta kaya ayi. Akagwira amapita nacho pamalo amene amaona kuti palibe womulanda, ndipo kwa mphaka wanu malowo ndi pakhomo panu ndi pamphasa panu. Akafika n'kupeza kuti alibe njala, amachisiya. Wamkazi amachitanso zimenezi pophunzitsa ana: amayamba kuwabweretsera mbewa yakufa, akakulako yamoyo kuti aphunzire kupha. Kuseweretsa kumene mukuonako kulinso ndi nzeru yake. Khoswe wamkulu amaluma, choncho mphaka amayamba wamutopetsa ndi kumumenya ndi dzanja asanayandikize nkhope yake kuti amulume pakhosi.

Ife a kum'mawa mbewa ndi ndiwo yaulemu, ndipo tikakolola ana amakhala kumunda ndi makasu kukumba mauna. Koma imene wabweretsa mphaka musaiphatikize ndi zanu za pamphani. Mbewa yogwidwa mosavuta pafupi ndi nyumba ikhoza kukhala yodwala kapena yoti yadya mankhwala a makoswe kwa aneba. Ikwirireni. Mankhwala omwewo amaphanso mphaka akadya khoswe woledzera nawo, ndiye ngati mwasankha mphaka kuti azilonda nkhokwe, musaikenso poizoni.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri akuti mphaka usamamupatse chakudya kuti azigwira makoswe. Ndimatsutsa. Wanjala amayamba kuba ndiwo pambaula, kugwira anapiye, kenako amasamukira kumene kuli chakudya. Wokhuta amakhala pakhomo ndipo amasakabe. Nsima yokha siimukwanira, chifukwa thupi lake limafuna zinthu zopezeka m'nyama basi, ndipo akazisowa nthawi yaitali maso ndi mtima zimawonongeka. Mpatseni matumbo a nkhuku, mitu ya nsomba yophika, kapena kapenta woviika m'madzi kuti mchere uchoke. Msuzi wa anyezi ayi, anyezi amawononga magazi a mphaka. Mkaka nawo amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Madzi oyera ndi okwanira.

FUNSO: Ndili mu Giredi 9. Mphaka wathu akakhala pamiyendo panga amapondaponda chitenje changa ndi manja ake ngati akukanda ufa wa mandasi, uku akuchita kaphokoso kukhosi ngati injini. Koma akagona chagada ine n'kumugwira pamimba amandiluma. Amandikonda kapena amadana nane? (Mtsikana wa sukulu, Katete)

YANKHO: Mwanawe, amakukonda, ndipo waonetsetsa bwino kwambiri. Kamwana ka mphaka kakamayamwa kamapondaponda bere la mayi ake kuti mkaka utuluke. Mphaka wamkulu akakhala pamalo ofewa, ofunda, pamene sakuopa kanthu, thupi lake limakumbukira zimenezo. Chitenje chako chamukumbutsa mimba ya mayi ake. Kaphokoso ka kukhosiko nakonso amakayamba ali ndi masiku ochepa chabe. Tiana timabadwa tosaona ndi tosamva, maso timatsegula pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi, choncho kunjenjemera kwa kaphokosoko ndi njira imene mayi ndi ana amamvanirana. Usadabwe kudzamva kaphokoso komweko kwa mphaka wovulala kapena amene akuswa, chifukwa amakachitanso akamamva ululu. Ngati akukachita koma sakudya ndipo wabisala, akudwala.

Za pamimbazo, iye akagona chagada akukuuza kuti sakukuopa. Sakukupempha kuti umugwire. Galu ndiye amakonda kukandidwa pamimba. Kwa mphaka, mimba ndi malo amene mdani akafikapo ndiye kuti wafa, ndipo dzanja likafikapo miyendo yonse inayi imagwira yokha asanaganize n'komwe. Uzimusisita m'masaya, pansi pa chibwano ndi pamphumi. M'malo amenewa muli timatumba ta fungo limene ife sitilimva, ndipo akamadzikhula pamiyendo yako amakhala akukupaka fungolo kuti ukhale wa pakhomo pake. Uziyang'ananso mchira. Akabwera kwa iwe mchira uli chilili, akukupatsa moni. Ukayamba kumenya pansi uku ndi uku, makutu n'kupita kumbuyo, chotsa dzanja, watopa nawe. Galu akagwedeza mchira wakondwa, koma mphaka akatero wakwiya, ndipo ana ambiri amakandidwa chifukwa chosokoneza ziwirizi.

Kayese ichi madzulo ano. Ukhale patali pang'ono, umuyang'ane, utsinzine pang'onopang'ono n'kutsegulanso maso. Kafukufuku wa mu 2020 wa ku Sussex komwe kuja anapeza kuti amphaka amabwezera kutsinzina kotereku ndipo amayandikira mosavuta munthu amene wawachitira, ngakhale mlendo. Wanga wamphongo amandibwezera ali pawindo la kukhitchini pafupifupi m'mawa uliwonse.

FUNSO: Mphaka wathu anaswa ana asanu kuseri kwa matumba a mtedza. Ana athu atawagwiragwira anawasamutsa onse, ndipo mmodzi anamudya. Kodi wayamba misala? (Mayi, Sinda)

YANKHO: Ayi amayi, alibe misala. Kusamutsa ndi chibadwa chake: malo akadziwika ndi anthu ambiri, kapena akayamba kununkha, amaona kuti adani awapeza. Kudya mwana kumachitika kawirikawiri mwanayo akabadwa wakufa kapena wofooka kwambiri, ndipo amatero kuti fungo lisaitane agalu, makoswe ndi linthumbu kwa otsalawo. Mayi wachitsikana woswa koyamba, wanjala kapena wosowetsedwa mtendere amathanso kutero. Auzeni ana asapiteko kwa sabata ziwiri, muikireni chakudya chambiri ndi madzi pafupi. Zikatha sabata ziwirizo ayambe kutigwira mofatsa tsiku ndi tsiku, chifukwa kamphaka kamene sikanazolowere dzanja la munthu pofika sabata zisanu ndi ziwiri kamakula kolusa ngati vumbwe.

FUNSO: Wanga amakhala duu kuyang'ana pakhoma kapena kudenga pamene palibe chilichonse. Amaona chiyani chimene ife sitiona? (Mnyamata, Navutika, Chipata)

YANKHO: Achimwene, sakuona, akumva. Khutu la munthu limalekezera pa mawu onjenjemera ka 20,000 pa sekondi, pamene la mphaka limapitirira ka 60,000, ndipo makoswe amalankhulana ndi mawu okwera chotero. Kwerani mukayang'ane pamwamba pa khomalo, mukapeza zitosi za makoswe kapena njira ya chiswe.

FUNSO: Tinasamuka ku Kapata kupita ku Magazine, koma mphaka wabwerera kunyumba yakale kawiri konse. Kodi sakutifunanso? (Bambo wa telala, Chipata)

YANKHO: Abambo, moyo wa mlenje woyenda yekha uli m'dera lake. Amadziwa pobisala, pothawira agalu, pamene makoswe amadutsa, ndipo paliponse anapakapo fungo lake. Kunyumba yatsopano akumva fungo la amphaka ena okhaokha, ndiye akuthawira kumene akudziwa. Mukakamutenganso mutsekereni m'chipinda chimodzi sabata ziwiri kapena zitatu, ndi chiguduli chimene ankagonera kale, chakudya, madzi ndi beseni la mchenga lodzithandiziramo. Tsiku loyamba kumutulutsa likhale m'mawa asanadye, kuti njala imubweze. Ngati ndi wamphongo kamufulitseni. Wofulidwa sayenda mitunda, samenyana kawirikawiri, ndipo ambiri amaleka kuthira mkodzo wonunkha uja pamakoma ndi pamatumba a chimanga.

FUNSO: Mphaka wathu anali wofatsa, koma masiku atatu apitawa wasintha. Akubisala pansi pa bedi, sakudya, akutuluka dovu, ndipo dzulo analuma mdzukulu wanga pachala popanda chifukwa. Ndimafuna kumupatsa Panadol. (Ambuya, Vubwi)

YANKHO: Ambuya, mwa makalata onse a mwezi uno, yanuyi ndi imene yandidetsa nkhawa, ndipo ndinakutumizirani uthenga tsiku lomwe ndinaiwerenga. Ndikuyankhanso pano chifukwa cha ena. Makhalidwe onse amene ndafotokoza pamwambapa ndi a mphaka wabwinobwino. Choopsa ndi khalidwe losintha mwadzidzidzi. Mphaka amabisa matenda mpaka atafika poipa, chifukwa kutchire nyama yooneka yofooka imadyedwa. Dovu ndi kusadya zingachokere ku dzino lowola, fupa lotsakamira kukamwa kapena poizoni. Koma zikaphatikizana ndi kuluma popanda chifukwa, tiyenera kuganiza za chiwewe mpaka a vetenale atanena kuti si chimenecho. Anthu ambiri amachitenga kwa agalu, n'chifukwa chake timaiwala kuti mphaka wolumidwa ndi galu wachiwewe nayenso amadwala n'kupatsira anthu.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayambe jekeseni, ndipo amalize onse monga anena adokotala. Musadikire kuona ngati adwale. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika, pamene jekeseni wolandira msanga amateteza. Kabala ka dzino la mphaka kamaoneka kakang'ono koma kamalowa kwambiri, ndipo pachala kamatupa msanga ngakhale popanda chiwewe.

Mphakayo musamugwire ndi manja ndipo musatsegule kukamwa kwake kufuna fupa. Tsekani chitseko cha chipinda chimene ali, ana asalowemo, muitane alangizi a ziweto a dera lanu kapena ofesi ya vetenale ya paboma. Iwo ndi amene aone ngati ayenera kumusunga masiku khumi akumuyang'anira kapena kumuyeza. Panadol musamupatse ngakhale theka. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala amenewa, ndipo mbulu umodzi ungathe kumupha. N'chimodzimodzi ndi mankhwala ambiri a nkhupakupa a agalu ndi a kudibi la ng'ombe: ndaonapo amphaka akunjenjemera mpaka kufa atasambitsidwa nawo ndi eni ake amene ankangofuna kuwachotsa nthata.

Enanu amene amphaka anu ali bwino, katemera wa chiwewe amayamba mphaka akakwana miyezi itatu, ndipo muzibwereza monga akuuzireni a vetenale. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, ndipo nyengo imeneyo mumamva zolengeza za katemera wa agalu. Popita ndi galu mutengenso mphaka. Musamunyamule m'manja pakati pa agalu, athawa n'kukukandani. Muikeni m'katoni yoboola timabowo kapena m'dengu lovundikira, mumange ndi chingwe, ndipo mukafika muwauze a katemerawo kuti muli mphaka musanatsegule.